Mmene mungaikire gemu yanu pa Steam

Mwafunsa ngati munthu wopanga gemu payekha angaloledwe kuigulitsa pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti. N'zotheka, chifukwa kuyambira mu 2017, pamene Valve, kampani yomwe ndi mwini wa Steam, inathetsa Greenlight (njira yomwe osewera ankavotera magemu oti alowe pa Steam) n'kukhazikitsa njira yatsopano yotchedwa Steam Direct, simufunikanso kuvoteredwa ndi osewera. Choyamba lembetsani pa Steamworks, tsamba la Valve la opanga magemu, n'kupereka zokhudza banki ndi msonkho. Kenako lipirani madola 100 pa gemu iliyonse, omwe amabwezedwa gemuyo ikabweretsa madola 1,000.

Konzani tsamba la gemuyo kuti lionekere kwa milungu yosachepera iwiri musanayambe kugulitsa, ndipo apa m'pofunika khama kwambiri, pakuti khomo lotsegukali limalowetsa magemu zikwizikwi pachaka, moti yanu ikhoza kumira pakati pa inzake. Valve ikaiunika, masiku odikira omwe Valve imaika n'kudutsa chilipirireni, mukhoza kuitulutsa. Madola 100 aja akavuta, yambirani pa itch.io, msika wina wa magemu wa pa intaneti, pomwe kuika gemu n'kwaulere.