Kusankha vwende la cantaloupe lakupsa bwino

Nthochi, mango ndi mapeyala mukhoza kugula zosapsa n'kukavundika kunyumba. Vwende la cantaloupe, lija la khungu lokhakhala ngati lakutidwa ukonde, lomwe ku South Africa amati spanspek, silitero. Shuga wake amachokera m'masamba a mbewuyo pamene chipatso chidakali m'munda, ndipo likangothyoledwa sawonjezekanso. Kunyumba limafewa ndi kununkhira, koma ngati linathyoledwa losatsekemera lidzakhala losatsekemera mpaka kuwola. Ndiye ntchito yonse ili pamsika, musanatulutse ndalama.

Yambani ndi pamchombo, pamene vwende linalumikizana ndi tsinde. Cantaloupe likapsa, kaphesi kake kamang'aluka mozungulira n'kuthothoka kokha, mlimi akangokankha pang'ono ndi chala. Pamatsala kadzenje kozungulira, kosalala, kolowa pang'ono. Mukapeza kachitsa ka phesi kali pomwepo, kapena pamchombo pali pong'ambika ngati anachita kuzula mokakamiza, dziwani kuti linathyoledwa nthawi isanakwane. Ogulitsa kutali amakonda kutero kuti lipirire paulendo. Pamchombo pakhalenso pouma. Pakakhala ponyowa, poterera kapena pochita nkhungu, kuwola kwayamba kale mkati.

Pali chimodzi choti musamale nacho. Mitundu ina yatsopano yomwe imapezeka m'masitolo akuluakulu inapangidwa kuti izikhalitsa, ndipo siithothoka yokha. Alimi amachita kudula ndi mpeni, n'chifukwa chake mumapeza kaphesi kodulidwa bwino pa vwende lililonse mumulu wonse. Zikatero mchombo sukuuzani kanthu, dalirani mtundu wa khungu ndi kulemera.

Mtundu muuyang'ane m'mipata ya ukonde uja, osati pa ukonde weniweniwo. Khungu la pansi pa ukondewo likakhala lobiriwira kapena lotuwa mobiriwira, vwende silinapse. Lakupsa limakhala loyera mwachikasu, ngati udzu wouma. Likafika pa chikasu chowala thupi lonse, nthawi zambiri lapsa mopitirira. Ukondewo ukhale wotukuka, wokhakhala mukamasisita ndi dzanja, ndipo ukute chipatso chonse. Mbali imodzi yomwe inagona pansi imakhala yosalala ndi yoyererapo, imeneyo si vuto. Koma zigamba zambiri zosalala zimasonyeza vwende lomwe silinakhwime bwino.

Kenako linyamuleni. Ambiri amalemera pakati pa kilogalamu 1 ndi 2. Tengani awiri ofanana kukula, limodzi dzanja ili lina dzanja linalo, musankhe lolemerapo, chifukwa lili ndi madzi ambiri ndi mnofu wochindikala.

Tembenuzani tsopano kumunsi, mbali yotsutsana ndi mchombo, kumene kunali duwa. Dinikizani ndi chala chachikulu pang'onopang'ono. Pazibonyezeka pang'ono chabe n'kubwerera. Pakakhala gwa ngati mwala, lifunika masiku angapo. Chala chikamalowa, lisiyeni. Pomwepo nunkhizani: lakupsa limatulutsa fungo lokoma, lotsekemera, losachita kusakasaka. Fungo lowawasa kapena longa la mowa likutanthauza kuti shuga wayamba kusasa. Vwende lochokera mufiriji silinunkhira kwenikweni, choncho musalitaye chifukwa cha mphuno yokha.

Anthu ambiri amagogoda cantaloupe monga amachitira ndi chivwende chofiira mkati. Sizithandiza kwenikweni, popeza ili lili ndi mphako ya nthanga pakati, ndipo kulira kwake kumasocheretsa. Bola kuligwedeza pafupi ndi khutu. Mukamva nthanga ndi madzi zikukhuvuka mkati, mnofu wayamba kusungunuka.

Nthawi zina zizindikiro zonse zimakhala bwino koma vwende n'kukhala losakoma, longa madzi. Kawirikawiri vuto limakhala kumunda: mvula yambiri kapena kuthirira kwambiri chipatso chitatsala pang'ono kupsa, kapena masamba kufa ndi matenda asanamalize kudyetsa chipatso. N'chifukwa chake alimi odziwa amachepetsa madzi sabata yomaliza asanakolole, ndipo mavwende a nyengo yotentha ndi youma amaposa a nthawi ya dzinja.

Mukafika nalo kunyumba lidakali lolimba, liikeni pamthunzi m'nyumba tsiku limodzi kapena awiri. Mukafuna lifewe msanga, likulungeni m'thumba la pepala pamodzi ndi nthochi yakupsa, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi n'kubweretsa nkhungu. Likafewa, lathunthu limakhala mufiriji masiku pafupifupi 5.

Musanadule, litsukeni. Apa m'pamene cantaloupe limasiyana ndi zipatso zosalala: limakulira pa dothi, ndipo timipata ta ukonde timasunga tizilombo tomwe mpeni umatikokera mkati. Mu 2011 ku United States anthu oposa 30 anamwalira ndi matenda a listeria, obwera ndi tizilombo ta m'chakudya, atadya cantaloupe wochokera ku famu ina ya ku Colorado. Tsukani ndi madzi oyera oyenderera, mukukwecha ndi burashi, popanda sopo, n'kupukuta ndi kansalu koyera. Chitani zimenezi pa nthawi yodula, osati posunga, popeza khungu lonyowa limaola msanga. Mpeni ndi thabwa lodulirapo zikhale zotsuka, zisakhale zomwe mwangodulira nyama.

Liduleni pakati, mukolowole nthanga ndi supuni. Zidutswa zisakhale panja kupitirira maola 2, ndipo mufiriji, m'kontena yotseka, mudye pasanathe masiku 3. Amayi oyembekezera, okalamba ndi omwe chitetezo cha m'thupi chatsika apewe zidutswa zodulidwa kale zomwe zakhala padzuwa pamsika, agule lathunthu akadule okha.