Adokotala akati nyongolotsi yawononga chiwindi ndipo mwina muikidwe china, yambirani apa

Musanayambe kulira kapena kusonkhetsa abale ndalama, funsani kaye dzina la nyongolotsiyo, chifukwa za mtundu wa Echinococcus zodziwika kwambiri zilipo ziwiri ndipo sizifanana olo pang'ono. Echinococcus granulosus imazungulira pakati pa agalu ndi nkhosa kapena ng'ombe, ku Turkana ku Kenya ikudziwika kwambiri, ndipo imapanga thumba lamadzi m'chiwindi. Iyiyi nthawi zambiri amathana nayo ndi mankhwala a nyongolotsi otchedwa albendazole, kupopa madziwo ndi singano kapena opaleshoni wamba. Yoopsa ndi Echinococcus multilocularis, ya nkhandwe ndi mbewa zakutchire, imene ili ku Switzerland, kum'mawa kwa France, kum'mwera kwa Germany, Turkey, Russia komanso kumadzulo kwa China komwe kuli odwala ambiri zedi. Munthu amameza mazira ake kuchokera ku chimbudzi cha nkhandwe kapena galu, nde imakhala phee zaka 5 mpaka 15 ikulowerera m'chiwindimo ngati khansa, mpaka tsiku lina maso achita chikasu, thupi likuyabwa, kumanja pansi pa nthiti kukupweteka. Ngati munakhalako kumeneko pa sukulu kapena pa ntchito, awuzeni adokotala, olo papite zaka 10.

Ikakhala yoopsayi, funso lachiwiri ndi loti, kodi sizingatheke kungodula mbali yodwalayo? Chiwindi chimaphukanso, ndiye akatha kuchotsa chotupa chonse n'kukupatsani albendazole zaka 2, mwayi wochira ndi waukulu. Zikakanika, anthu ambiri amakhala zaka zambiri akungomwa albendazole moyo wonse. Transplant, kutanthauza kukuikani chiwindi cha munthu wina, imabwera pamapeto penipeni, pamene chiwindi chalephera ntchito, njira za ndulu zikungotsekeka n'kumachita mafinya mobwerezabwereza, kapena mitsempha ikuluikulu yagwidwa moti mpeni sungafikepo.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse bwino. Mukalandira chiwindi cha munthu wina mumamwa mankhwala ngati tacrolimus otsitsa chitetezo cha mthupi kuti thupi lisachikane, koma chitetezo chomwecho ndi chimene chimapanikiza nyongolotsi ija, nde ngati katsalira kenakake kali m'mapapo kapena mu ubongo kamapeza mpata n'kukula mwachangu. N'chifukwa chake musavomere kulowa pa mndandanda wa odikira chiwindi asanakujambuleni chifuwa ndi mutu pa sikani ya CT kapena MRI. Zikapezeka mu ubongo, kawirikawiri madokotala transplant amayikana, ndipo si nkhanza ayi, akukutetezani.

Funsaninso za njira imene madokotala a ku Urumqi ndi ku Chengdu ku China aizolowera kwambiri: amatulutsa chiwindi chanu chonse, amachiika pa tebulo m'madzi ozizira, amadula mbali yowonongeka, amasoka mitsempha kenako n'kubwezeretsa chotsalacho m'mimba mwanu. Simudikira wopereka, komanso poti ndi chanu chomwe simufunika mankhwala otsitsa chitetezo aja. Koma ndi opaleshoni yayitali ndi yolemetsa, ndipo mbali yabwino yotsalayo iyenera kukhala yokwanira kusenza thupi lonse, zipatala zochita zimenezi ndi zochepa.

Mukatuluka m'chipatala albendazole simusiya ayi, osachepera zaka 2, ena mpaka kalekale. Muzimwa ndi chakudya chamafuta, kaya dzira lokazinga, kaya mapeyala kapena chiponde, chifukwa pamimba yopanda kanthu salowa bwino m'magazi. Muziyezetsa magazi pafupipafupi kuti aone chiwindi ndi maselo oyera, tsitsi likayamba kuthothoka kanene kuchipatala osati kungosiya nokha, ndipo amayi amene akufuna kutenga pakati akambirane ndi adokotala kaye poti mankhwalawa angavulaze mwana. Mukatentha thupi thamangani tsiku lomwelo, musangomwa panado n'kugona. Mapepala a sikani zonse musunge mufayilo imodzi ndipo muwajambulenso pa foni, chifukwa sikani ya chaka chino amaiwerenga poyerekeza ndi ya chaka chatha.