Momwe mungaphunzirire freestyle skiing muli ku Harare kuno

Achinyamata ambiri a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku amaonera pa foni anzawo akunja akuuluka pa ma ski (timatabwa titalititali tomangirira kumapazi totsetserekera pa chipale chofewa), kuzungulira m'malere kawiri katatu, kenako n'kutera bwinobwino. Masewera amenewa ndiwo amatchedwa freestyle skiing. Ena amafunsa ngati mwana wa mzinda uno, kumene chipale chofewa sichigwa, angafikepo. Luke Steyn, wobadwira mu Harare, anali munthu woyamba kuimira Zimbabwe pa Olimpiki ya nyengo yozizira ku Sochi mu 2014. Koma iye anakulira ku Ulaya, ndipo mpikisano wake unali wotsetsereka mothamanga. Kwa ife amene tikukhala kuno, masiku a pa chipale ndi ochepa komanso odula, choncho zambiri tiyenera kuziphunzirira panthaka youma, n'kupita kumapiri thupi litakonzeka kale.

1. Sankhani mtundu umene mungaufikire

Freestyle ili ndi nthambi zingapo. Moguls, yotsetsereka pamalo a zitundazitunda, inayamba kupereka mamendulo a Olimpiki ku Albertville mu 1992, ndipo aerials, yodumpha patali n'kugadabuka m'malere, inatsatira ku Lillehammer mu 1994. Slopestyle ndi halfpipe (yodumpha m'mbali mwa ngalande yaikulu ya chipale) zinalowa mu 2014, big air (kudumpha kamodzi pa chitunda chachikulu) mu 2022 ku Beijing, komwe Eileen Gu woimira China anatenga golide wa akazi. Kwa munthu wa ku Harare, yoyenera kuyamba nayo ndi slopestyle, ija yodumpha timitunda tokonzedwa ndi kutsetsereka pa mabokosi ndi zitsulo, chifukwa malo ake alipo kum'mwera kwa Africa kuno.

2. Konzani thupi musanaone chipale

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Funani malo ophunzitsira jiminasitiki amene ali ndi trampoline (chinsalu cholimba chomangidwa ndi masipuling'i chimene chimakuponyani m'mwamba mukadumphapo) komanso mphunzitsi. Chimene mukufuna pa trampoline si kudumpha patali ayi, koma kudziwa pomwe thupi lanu lili mukakhala m'malere. Yambani ndi kudumpha mowongoka n'kutera pamalo omwe munanyamukira. Zikakhazikika, zungulirani theka, kenako kuzungulira kwathunthu, mbali zonse ziwiri. Aliyense ali ndi mbali imene imamuvuta. Imeneyo ndiyo muziipatsa nthawi yambiri. Mutu ndi mapewa ndi zimene zimatsogolera: kumene maso ayang'ana, thupi limatsatira. Muzizolowera kufunafuna ndi maso malo oterapo musanamalize kuzungulira.

Zogadabuka mutu pansi musayese nokha kuseri kwa nyumba. Khosi likathyoka, palibe wolibwezeretsa.

Chinanso chothandiza kwambiri ndi nsapato za matayala a mzere umodzi, zija amati ma inline skates. Kukhota kwake kumafanana ndithu ndi kwa ma ski, ndipo mungaphunzire nazo kuyenda chafutambuyo mukuyang'ana paphewa. Bwalo losalala la simenti ndi lokwanira. Onjezerani masikwati (kunjuta n'kuimirira mobwerezabwereza), kudumpha kuchokera pabenchi n'kutera mawondo atapinda, ndi kuima mwendo umodzi. Miyezi itatu ya zimenezi imaoneka msanga mukafika paphiri.

3. Ulendo woyamba ukhale wophunzira kutsetsereka basi

Malo amene ambiri a chigawo chino amapitako ndi Afriski, m'mapiri a Maluti ku Lesotho. Nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti, ndipo chipale chambiri amachita kupanga ndi makina. Pali malo odumphira otchedwa Kapoko Park. Njira yake mumadutsa ku Beitbridge, Johannesburg, chipata cha Caledonspoort cholowera ku Lesotho, Butha-Buthe, kenako n'kukwera Moteng Pass. Musanalipire chilichonse, funsani eni malowo ngati atsegula chaka chimenecho, ndipo inshulansi yanu ya paulendo ikhale yovomereza masewera a pa chipale.

Harare ili pa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Afriski ili pamwamba pa mamita 3,000. Tsiku loyamba mudzapuma mwawefuwefu chifukwa pamwamba choncho mpweya ndi wochepa. Imwani madzi ambiri, mowa usiyeni kaye, ndipo dzolani mafuta oteteza ku dzuwa, pakuti kumeneko limawotcha ngakhale kukuzizira.

Lipirani mphunzitsi. Phunzirani kuima, kukhota ma ski onse awiri ataloza kumodzi, ndi kuchepetsa liwiro pomwe mwafunira. Munthu amene sangathe kuima alibe chochita ku paki yodumphira. Amavulala yekha n'kuvulazanso ena.

4. Tsatani dongosolo la zodumpha

Choyamba ndi pop: kupinda mawondo n'kudzikankha m'mwamba ndi mapazi onse awiri, misongolo itakanikiza kutsogolo kwa nsapato. Chitani zimenezi pamalo athyathyathya. Chachiwiri ndi switch, kutsetsereka chafutambuyo. Ambiri amachidumpha chifukwa sichikopa maso, komatu 180, kuzungulira theka m'malere, imathera momwemo mukaiyamba mukuyang'ana kutsogolo.

Kenako pitani pa kamtunda kakang'ono kwambiri, mudumphe mowongoka, manja ali patsogolo. Vuto lalikulu la oyamba kumene ndi kukhalira kumbuyo chifukwa cha mantha. Ma ski amathawira kutsogolo, munthu n'kugwa chagada. Lina ndi liwiro. Mukachedwa mumatera pathyathyathya musanafike potsetsereka, pamene amapatcha knuckle, ndipo mawondo ndi amene amamva kuwawa. Mukathamanga kwambiri mumapitirira poterapo. Imani pambali kaye muone pomwe anzanu akuyambira ndi kuti akukhota kangati asanadumphe.

Kudumpha mowongoka kukakhala kosaopsanso, onjezerani safety grab, kugwira ski ya mbali yomweyo pansi pa phazi. Kokerani mawondo m'mwamba kuti ski ibwere kudzanja, musaweramire pansi kuifuna. Ndiye ibwere 180, kenako 360, kuzungulira kwathunthu. Pa 360 musafulumire kupota thupi mukadali pa kamtunda. Dzikankheni m'mwamba kaye, kuzungulira kubwere pambuyo.

Pa bokosi yambani ndi lalifupi komanso lotambalala, mulikwere molunjika. Mukayamba kulitsetsereka cham'mbali, ma ski akhale athyathyathya, mapazi atatalikirana, maso ali kumapeto kwa bokosi. Mukapendeketsa ski ngati mukufuna kuima, imathawa nthawi yomweyo. Ndipo mukagwa, chokani msanga poterapo, chifukwa wobwera pambuyo panu sakukuonani.

5. Gulani zida motsatira kufunika kwake

Ulendo woyamba ndi wachiwiri, bwerekani ma ski ndi nsapato komweko. Jekete lofunda ndi zovala zamkati mungazipeze pa kaunjika ku msika wa Mupedzanhamo ku Mbare, bola zisakhale za thonje. Jinzi ikanyowa imakuzizirani tsiku lonse.

Chipewa choteteza mutu chokha gulani chatsopano, cholembedwa EN 1077 kapena ASTM F2040. Chakale simungadziwe ngati chinang'aluka mkati.

Ndalama zikapezeka, nsapato zitsogole. Saizi yake imatchedwa mondopoint, ndipo ndi kutalika kwa phazi lanu m'masentimita. Mukaimirira zala zizikhudza pang'ono kutsogolo, mukapinda mawondo zizibwerera. Chidendene chisamanyamuke. Nsapato yaikulu imamveka bwino m'sitolo, koma potera phazi limagunda kutsogolo mpaka zikhadabo kuda. Kulimba kwa nsapato amakulemba ndi nambala ya flex. Kwa munthu wamkulu woyamba kumene, pakati pa 80 ndi 100 n'pabwino, ndipo wopepuka thupi atsikeko.

Ma ski akhale a twin-tip, opindikira m'mwamba mbali zonse ziwiri kuti muzitha kutera chafutambuyo. Mtundu umenewu unafala Salomon itatulutsa ski yake ya 1080 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Poimika, ski yanu ifike pakati pa chibwano ndi pamwamba pa mutu wanu, ndipo m'lifupi pakati pake pakhale mamilimita 85 mpaka 95. Zomangira nsapato, ma binding, amaziika chapakati pa ski kuti kuzungulira kusapendekere mbali imodzi. Ndodo zikhale zofupikirapo kusiyana ndi za otsetsereka wamba.

Pa ma binding pali nambala ya DIN, imene imalamula kuti nsapato imasuke liti mukagwa. Amaiwerengera potengera kulemera kwanu, msinkhu, zaka, kutalika kwa nsapato ndi luso lanu. Muisiyire mmisiri wa m'sitolo. Achinyamata ena amaikweza okha kuti ski isamachoke, ndipo mphamvu yonse ya kugwa imathera pa bondo n'kudula mtsempha wa ACL, umene kuchira kwake pambuyo pa opaleshoni kumatenga miyezi yambirimbiri.

Kabudula wa zotchinga m'chiuno ndi chotetezera msana n'zothandiza mukayamba zitsulo. Mukagunda mutu n'kumva chizungulire, mseru kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, tsiku limenelo latha, ngakhale munalipira kale tikiti: pitani kwa achipatala a pamalopo, ndipo chipewa chimenecho musachivalenso.