Kuwerenga kadyedwe ka trout musanamange nyambo

Mukafika pamtsinje, yambani mwatsamiritsa ndodo pamtengo. Khalani pansi chapatali ndi gombe, pamalo poti chithunzithunzi chanu chisagwere m'madzi, ndipo muyang'ane kwa mphindi 10 kapena 15. Chimene mukufuna kudziwa choyamba ndi pamene nsomba ikudyera: pansi pamiyala, pakatikati, kunsi pang'ono kwa madzi apamwamba, kapena pamwamba penipeni. Dzina la nyambo, kaya ndi Adams kaya Hare's Ear, libwera pambuyo. Nyambo yamtundu wolakwika ikafika pamene nsomba ikudyera imagwirako ndithu, koma yofanana ndendende ndi kachilombo ikamadutsa masentimita 20 pamwamba pa mutu wa nsomba yomwe maso ake ali pansi, mungoweruka chimanjamanja.

Nyambo yomwe tikunena pano ndi mbedza yovekedwa nthenga, ubweya ndi ulusi kuti ioneke ngati kachilombo kapena kansomba.

Pimani madzi kaye

Trout ndi nsomba ya m'madzi ozizira, ndipo njala yake imayendera kutentha kwa madziwo. Imadya bwino pakati pa madigiri 10 ndi 16. Madzi akazizira kufika cha m'ma 5, imakhala phee pansi m'maiwe akuya ndipo siithamangira chakudya, ndiye nyambo iyenera kuidutsa pakamwa penipeni. Akapitirira madigiri 20 mpweya m'madzi umachepa, nsomba imafooka, ndipo yambiri yomwe mwaikola n'kuibweza imakafera m'tsogolo. Pamenepo pindani chingwe. Kachipangizo kopimira kutentha kamakwana m'thumba la malaya, ndipo kamakuuzani zambiri kuposa bokosi lachiwiri la nyambo.

Tizilombo tinayi toyenera kutidziwa

Mayfly imakhala nthawi yaitali pansi pamiyala ili nymph, ndiye kuti kachilombo kosakhwima kokhala m'madzi, kawirikawiri ya michira itatu. Nthawi yake ikakwana imakwera pamwamba. Pamwamba pa madzi pali ngati kakhungu kopyapyala komwe kachilombo kamavutika kukaboola, ndipo pamenepo kamakakamira kakuvula chigoba chake. Pa msinkhu umenewu asodzi amakatchula kuti emerger. Kakatuluka kamayandama mapiko ali chilili, ndiye dun imeneyo. Kamaulukira m'zitsamba, n'kufundulanso patapita tsiku limodzi kapena awiri, kenako kamabwerera kudzaikira mazira ndi kufera pamadzi mapiko ali tambalale. Ameneyu ndi spinner. Kachilombo n'kamodzi, koma nyambo zake ndi zinayi zosiyana.

Caddis ikakhala mphutsi, mitundu yambiri imadzimangira kanyumba ka mchenga kapena timitengo n'kumamatira kumiyala. Pokhwima imakwera mofulumira, ndipo yaikulu imapinda mapiko ake kumsana ngati denga n'kumaphiriphitha pamadzi. Midge ndi kakang'ono zedi, kooneka ngati udzudzu koma sikaluma. Kamachuluka m'madzi odekha chaka chonse, ndipo kasanatuluke kamalendewera choimirira kunsi kwa kakhungu kaja. Stonefly nymph ili ndi michira iwiri, imakonda madzi othamanga, ndipo siitulukira pakati pa mtsinje ayi: imakwawira pamwala kapena pagombe n'kuvulira pomwepo. Mukaona zigoba zouma pamiyala ya m'mphepete, dziwani kuti nsomba zikusaka nymph zikuluzikulu kufupi ndi gombe.

Kuwonjezera apo pali zogwera m'madzi kuchokera kumtunda, monga nyerere, ziwala ndi zikumbu, makamaka masana otentha kukamaomba mphepo.

Mmene nsomba ikutulukira

Apa ndiye pagona nkhani. Nsomba ikadya pafupi ndi pamwamba imasiya chizindikiro pamadzi, ndipo chizindikirocho chimanena zinthu ziwiri: kuzama kwa chakudyacho, ndiponso ngati chikutha kuthawa kapena ayi.

Choyamba yang'anani thovu. Trout ikatola kanthu pamwamba penipeni imameza ndi mpweya womwe, ndipo mpweyawo umatulukira m'makha n'kusiya kathovu kamodzi kapena tiwiri pakati pa mzere wozungulira wa mafunde. Kathovu kakakhalapo, nyambo yoyandama ili ndi mwayi. Ngati palibe, nsombayo yadyera kunsi kwa kakhungu ngakhale madzi atagwedezeka chotani. Asodzi ambiri amataya madzulo athunthu akusintha nyambo zoyandama pa nsomba zomwe sizinatulutsepo mlomo n'kamodzi komwe.

Kupsontha mwakachetechete. Pamangooneka kadzenje kakang'ono, nthawi zina nsonga ya mphuno, ndipo mafunde ake ndi ochepa. Nsomba sikufulumira chifukwa chakudyacho sichingathawe: ndi spinner yakufa, midge, nyerere, kapena dun yolephera kutuluka m'chigoba. Musanyozere kadzenje kameneka. Nsomba zazikulu ndizo zimadya motere, ndipo zimakonda mzere wa thovu m'mphepete mwa madzi othamanga kapena pansi pa nthambi zolendewera. Mangani nyambo yogona chafufumimba pamadzi: spinner ya mapiko otambalala ya mbedza ya nambala 16 kapena 18, Griffith's Gnat ya 18 mpaka 22, kapena nyerere yakuda. Ikatola musakoke msanga. Dikirani mutu ubwerere pansi, apo ayi mbedza muitulutsa m'kamwa musanatsekeke.

Mutu, msana, kenako mchira. Nsomba ikugudubuka pang'onopang'ono, mbali zitatuzi zikuoneka motsatana. Ikutola zinthu zokakamira m'kakhungu momwemo, kawirikawiri emerger kapena midge yolendewera. Yoyenera apa ndi nyambo yomwe thupi lake limamira koma mutu uli pamwamba, monga Klinkhåmer yomwe anaipanga Hans van Klinken wa ku Netherlands, kapena emerger ya nthenga za CDC, zija zochokera pafupi ndi mchira wa bakha. Ngati mukuona chipsepse chapamsana ndi mchira koma mutu osaoneka, tsikani pang'ono: chakudya chili masentimita ochepa kunsi.

Madzi kutukumuka osang'ambika. Pamaoneka kachitunda kapena kuwinduka kwa madzi, popanda thovu. Nsomba yatembenuka mwamphamvu pa nymph yomwe inali kukwera. Mangani Pheasant Tail, nyambo imene Frank Sawyer anaipangira pa mtsinje wa Avon ku England, koma yanu ikhale yopanda cholemetsa, kapena nyambo ya nthenga zofewa. Pakani mafuta oyandamitsa pa leader yonse, chingwe chopyapyala chija cholumikiza nyambo ndi chingwe chachikulu, kusiya masentimita 15 mpaka 30 akumapeto, kuti nyambo iyende pa kuzama komweko. Njira ina ndi kuimangirira kumbuyo kwa nyambo yoyandama ndi kachingwe ka masentimita 40, yoyandamayo ikhale chizindikiro chanu.

Kuwaza madzi kapena kudumpha. Chakudya chikuthawa ndipo nsomba ikuchithamangira. Nthawi zambiri ndi caddis, mwina chiwala chomwe chagwa kumene. Komabe chenjerani, pakuti kuwazako kumachitikanso nsomba ikathamangitsa caddis yomwe ikukwera kuchokera pansi n'kulephera kuima. Yesani Elk Hair Caddis ya nambala 14 kapena 16, muigwedeze pang'ono kamodzi isanafike pa nsomba. Ikakanidwa, mangani caddis yomira, muiponye chopingasa mtsinje, ndipo chingwe chikamawongoka kumunsi nyamboyo idzakwera yokha monga chimachitira chamoyo. Kumbukiraninso kuti tinsomba tating'ono timawaza madzi pa chilichonse, choncho phokoso lokha lisakukopeni.

Mchira m'mwamba m'madzi osaya ndiye kuti mutu uli pansi, ikufukula nkhono, tinkhanu kapena mphutsi za caddis m'ndere. Ponyani nymph yolemera pang'ono mita imodzi kutsogolo kwake. Tinsomba tikamabalalika n'kumadumpha m'mphepete, kumbuyo kwake kukubwera funde, trout ikusaka nsomba zinzake, ndipo apo mufunika Woolly Bugger ya nambala 6 mpaka 10 yokokedwa modukizadukiza.

Tsimikizani ndi manja

Chizindikiro chakuuzani kuzama, koma kukula kwa kachilombo muyenera kukuona nokha. Imani kumunsi kwa nsomba, mu mzere womwewo wa madzi, muviike kaukonde ka maso ang'onoang'ono theka m'madzi theka kunja kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Zomwe zakodwa ndizo zikudutsa pamphuno pa nsombayo. Tembenuzani miyala itatu kapena inayi ya m'madzi othamanga. Nymph ya mayfly yomwe pamsana pake pada bii yatsala pang'ono kutuluka. Ukonde wa kangaude m'zitsamba za m'mphepete umasunga zomwe zinauluka dzulo madzulo, ndipo anamzeze akamauluka chapansipansi pamadzi ndiye kuti tizilombo tayamba kutuluka.

Pali msampha wina. Nthawi zina mitundu iwiri imatuluka pamodzi, wina waukulu wooneka bwino, wina waung'ono koma wochuluka kwambiri. Diso la munthu limathamangira waukuluwo, pamene nsomba imasankha wochulukawo. Sankhani dun imodzi yaikulu, muitsatire ndi maso mpaka idutse pa nsomba. Zikadutsa zitatu osakhudzidwa nsombayo ikupitirizabe kudya, ikudya china chomwe simunachione. Weramani muyang'anitsitse pamadzi pafupi ndi mawondo anu.

Kukula, kaumbidwe, mtundu

Tsatirani ndondomeko imeneyi posankha. Kukula ndiko kofunika koposa. Nambala ya mbedza ikamakwera mbedzayo imachepa: 12 ndi yaikulu kuposa 16, ndipo 22 ndi kakang'ono kovuta ngakhale kulowetsa chingwe. Mayfly ndi caddis zambiri zimagwera pa 12 mpaka 18, midge pa 18 mpaka 24, stonefly zazikulu pa 6 mpaka 10. Kachilombo kakamauluka kamaoneka kakakulu kuposa mmene kalili, choncho kagwireni mukaike pambali pa nyambo yanu. Mukakayika pakati pa nambala ziwiri, tengani yaing'onoyo.

Kaumbidwe ndi mmene nyambo ikukhalira pamadzi: mapiko oimirira, opindika kumsana, otambalala, kapena thupi lolendewera. Mtundu ndi wotsiriza. Nsomba imaona nyambo yoyandama kuchokera pansi, kuwala kuli kumbuyo kwake, ndiye chokwanira n'kusiyanitsa yakuda, yotuwa ndi yowala. Poyerekeza mtundu yang'anani kumimba kwa kachilombo, osati kumsana. Ubweya ukanyowa umaderako, choncho nyowetsani nymph musanaiyerekeze.

Tippet, kachingwe kakumapeto kwa leader komwe mumamangapo nyambo, igwirizane ndi nyamboyo. Gawani nambala ya mbedza ndi 3 kuti mupeze nambala ya kunenepa kwa tippet: mbedza ya 12 imafuna 4X, ya 16 imafuna 5X, ya 18 imafuna 6X. Kunenepa kwa 5X ndi pafupifupi mamilimita 0.15. Leader ya mamita 2.7 imakwana m'malo ambiri, koma pamadzi odekha ndi oyera onjezerani tippet ya masentimita 60 mpaka 90.

Ikabwera n'kubwerera

Nsomba ikakwera, n'kuyang'ana nyambo, n'kutembenuka, musathamangire kutsegula bokosi. Kawirikawiri vuto ndi kukokeka kwa nyambo. Madzi a pakati pa inu ndi nsomba amathamanga mosiyana, amakoka chingwe, ndipo nyambo imayenda mosemphana ndi thovu loizungulira, mwina pang'ono kwambiri moti inu simungaone. Yerekezani liwiro la nyambo ndi kathovu koyandikana nayo. Zikasiyana, sunthani pomwe mwaima, ponyani chingwe chokhotakhota, kapena chinyamuleni muchigoneke chakumtunda chikangotera. Mukakonza zimenezi koma ikukanabe, chepetsani nyambo ndi nambala imodzi. Ikakananso, sinthani msinkhu: chotsani dun, mangani emerger. Mtundu musinthe pomaliza.

Onaninso pomwe mukuponya. Mzere wa mafunde umayenda ndi madzi, ndiponso nsomba imabwerera m'mbuyo ndi chakudya isanachitole, kenako n'kubwerera pamalo pake. Malo ake enieni ali kumtunda kwa pomwe mwaona mafunde. Ponyani mita imodzi kapena kuposerapo kumtunda kwake. Nsomba imaona zakunja kudzera pa kabwalo kozungulira pamwamba pa mutu wake, komwe m'lifupi mwake ndi kuwirikiza kawiri ndi pang'ono kuzama komwe ili. Yomwe ili masentimita 15 kunsi ili ndi kabwalo ka masentimita pafupifupi 35 okha, choncho nyambo yodutsa theka la mita kumbali siioneka n'komwe. Ubwino wake ndi wakuti nsomba yotereyi mutha kuiyandikira kwambiri.

Tizilombo tikachuluka, trout imadya motsata nthawi, mwina pa masekondi 5 kapena 10 aliwonse. Werengani, ndipo nyambo yanu ifike pamene ikuyembekezeka kukweranso.

Pamwamba pakakhala zii

Nthawi zambiri zimakhala chonchi, chifukwa chakudya chochuluka cha trout chili pansi pa madzi. Valani magalasi ochotsa kunyezimira, muyang'ane kumene madzi othamanga akukumana ndi odekha, kutsogolo ndi kumbuyo kwa miyala ikuluikulu, ndi pomwe madzi osaya akugwera m'dziwe. Nsomba yomwe yayandama pakatikati, ikusunthira uku ndi uku, m'kamwa moyera mukuoneka kutseguka ndi kutsekeka, ikudya nymph zoyenda ndi madzi. Kung'anima kwa nthiti pansi ndi nsomba yomwe ikutembenuka kutola kanthu pamiyala. Yomwe yangogona pansi osagwedezeka yaopsedwa kapena ikupuma, ipitirireni.

Mangani Hare's Ear kapena Pheasant Tail ya kamkanda kolemera kumutu, nambala 14 kapena 16, ndipo choyandama chokudziwitsani chikhale pamtunda wokwana kuzama kwa madzi kamodzi ndi theka. Nyambo izikhudza pansi mwa apo ndi apo. Mukaponya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi osakhudza mwala, onjezerani kamtovu kamodzi masentimita 25 pamwamba pa nyambo musanaganize zoisintha. Choyandama chikaima, chikapendekeka kapena chikangozengereza, kwezani ndodo nthawi yomweyo, chifukwa trout imalavula nyambo yopanga msanga ikangomva kuti si chakudya.