Kuthira phulusa ndi makoko a mazira mu penti kuti igwire khoma

Abale omwe mukumanga ku Ulongue, Tsangano kapena ku Moatize, penti yamadzi ija mutha kuithandiza kugwira khoma ndi zinthu zomwe timangotaya kudzala, bola ufa wake muukonze bwino.

Mankhusu a mpunga ndiye namba wani chifukwa phulusa lake lili ndi silika (chinthu cholimba chomwe chimapanga mchenga) wambiri, kuposa 80 peresenti. Otchani pang'onopang'ono mu mgolo woboola kuti mpweya uzilowa mpaka phulusa lituwe, likakhala lakuda ndiye kuti akadali makala amenewo ndipo adetsa penti yanu. Koma mpunga kuno ngochepa, ambiri mugwiritsa ntchito zitsononkho, ndiye apa mvetsetsani. Phulusa la zitsononkho ndi lomwe lija amayi amatchezera chidulo cha therere, lili ndi mchere wosungunuka womwe umadzatulukira pakhoma mbuu penti nkuyamba kusupuka. Livikeni m'madzi, likhazikike, tsanulani, bwerezani mpaka madziwo asiye kuterera m'zala kenako yanikani liume bwinobwino.

Makoko a mazira savuta, tsukani, chotsani kakhungu kamkati kaja, yanikani nkusinja mumtondo. Ufa wa makokowa ndi choko yemweyo amene mafakitale amathira mu penti.

Posefa ndi pomwe ambiri amachita ulesi. Sefa ya ufa payokha siikwana, bwerezani pa nsalu yopyapyala, mukatikita m'zala nkumva timchenga sinjaninso basi.

Osathira ufa wouma mu ndowa ya penti ayi, umaundana. Pangani kaye kaphala ndi madzi pang'ono ndiye muzithira uku mukutakasa. Yambani ndi kapu imodzi ya ufawu pa makapu 10 a penti ndipo ndi ya koti yoyamba yokha, yapamwamba isiyeni momwe ilili. Ena amadzaza phulusa poti meticais avuta, koma guluu wa mu penti ngowerengeka, ufa ukachuluka khoma limangopaka zoyera malaya a alendo.

Pulasitala watsopano adikire masiku 28, ndipo sesani fumbi kaye. Kutentha kwa ku Tete mu Okutobala kumaumitsa penti isanalowerere, pakani m'mamawa mbali yamthunzi.

Musanapake nyumba yonse yesani kamalo kakang'ono kuseri. Pakatha sabata chekani timizere topingasa ndi lezala, matani selotepi nkusolola mwamphamvu, ikachoka ndi penti chepetsani ufa muyesenso.