Kuyika mota pa njinga ya kapalasa kuno ku Dedza komanso kasamalidwe ka batire yake

Anthu ambiri akamva zoti njinga ya kapalasa itha kuyenda ndi magetsi amathamangira kufunsa kuti mota yake ndi ya mawatsi angati, nanga imathamanga bwanji. Abale funso limenelo lidikire kaye, kuno ku Dedza chomwe chingakulizeni ndi batire ndi mabuleki, mota payokha siivuta kwenikweni. Tauni yathuyi ili pamtunda pafupifupi mamita 1,600 ndipo kulikonse komwe mungalowere mukumana ndi chitunda, ndiye batire yomwe ku Salima ikanakuyendetsani mtunda wautali kuno imatha moto msanga.

Yambani mwayang'ana njinga yomwe muli nayoyo musanatulutse ndalama. Kiti yomwe amagulitsa imabwera ndi wilo yokhala ndi mota pakati, kabokosi ka kontirola koyendetsa moto kuchoka ku batire kupita ku mota, thirotulo yowonjezera kapena kuchepetsa liwiro, zogwirira mabuleki zomwe zimadula moto mukafinya, ndi kasensa ka pa mapedulo, batire nthawi zambiri mumagula padera. Tsono apa ndi pomwe ambiri amalira. Njinga zathu zakuda za kabazazi tayala lake linalembedwa 28 x 1 1/2 ndipo limu yake ndi 635 mm, pomwe makiti ambiri olembedwa 28 kapena 700C limu yake ndi 622 mm, sizilowana ngakhale mutakakamiza bwanji, komanso mabuleki a ndodo aja amagwira kunsi kwa limu pomwe malimu a makitiwa anapangidwira mabuleki ogwira m'mbali. Njira zilipo ziwiri, mwina mugule mota yokha makaniko wa njinga ayilukire mu limu yanu ndi masipoko afupiafupi olimba, kapena mungopeza njinga ya magiya ya matayala a mainchesi 26 yomwe makiti ake savuta kupeza. Ine ndikanasankha yachiwiriyi, bola felemu ikhale yachitsulo.

Mota ya kutsogolo ndiyosavuta kumanga chifukwa foloko yambiri ndi 100 mm, koma mukamanga matumba a kachewere pa kaliyala n'kumakwera msewu wafumbi wa ku Bembeke, kutsogoloko kumapepuka wilo n'kumangoterereka. Wonyamula katundu ayike kumbuyo, apo pamafunika mpata wa 135 mm, muyeze ndi tepi osati ndi maso. Za mphamvu, 250W kapena 350W ya 36V ikukwanira wopita ku ntchito kapena ku sukulu, wa katundu atenge 500W ya 48V, ndipo ikhale ya mtundu wokhala ndi timagiya mkati chifukwa ndiyo imakoka bwino pa chitunda.

Pomanga pali kachitsulo kamodzi komwe simuyenera kukasiya, ena amakatcha torque arm, kamagwira ekiselo ya mota kuti isazungulire m'malo mwake. Mota ikamakankha wilo kupita kutsogolo ekiseloyo imafuna kuzungulira chobwerera, ndiye pang'onopang'ono imakanula pakamwa pa foloko, tsiku lina ingopotokola waya wa mota n'kuudula, zikavuta wilo kuchoka muli pa liwiro. Ngati sikanabwere mu kiti, awotchereri akhoza kukudulirani pa chitsulo chokhuthala. Waya wotuluka mu ekiselo aloze pansi kuti madzi a mvula asatsetserekere mu mota. Mapulagi enawo ndi osavuta, aliyense ali ndi mnzake wofanana naye, mumange mawaya ndi timalamba tapulasitiki asakhudze tayala kapena tcheni, kenako tukulani wilo m'mwamba muyese thirotulo pang'ono musanakwere.

Mabuleki musachite nawo chibwana. Njingayi tsopano yalemera komanso ikuthamanga kuposa kale, ndipo mota ya timagiya ija potsetsereka imangomasuka, siikugwirani komanso siibweza moto mu batire ngati mmene ena amanenera. Amene munatsikapo Khwekhwelere kupita ku Golomoti mukudziwa zomwe ndikunena. Malabala atsopano, mawaya atsopano, basi. Pokwera napo palasani ndithu kuithandiza, mota ikamakwawa ndi katundu wolemera moto wambiri umangosanduka kutentha ndipo timagiya take nthawi zambiri ndi tapulasitiki.

Tsopano batire, komwe kumapita ndalama zambiri. Masamu ake ndi achidule, mavoti (V) kuchulukitsa ndi Ah zolembedwa pa batire kumakupatsani Wh, muyezo wa moto wonse womwe yasunga, ndiye ya 36V 10Ah ndi 360Wh. Pamalo oti see mukupalasako njinga imadya pafupifupi 10Wh pa kilomita, kuno kwathu ndi katundu werengerani 15 mpaka 20, kutanthauza kuti batire imeneyi ikupatsani makilomita a m'ma 20 osati 60 omwe wogulitsa angakuuzeni. Ena amalumikiza mabatire atatu a 12V a mtovu aja kuti apeze 36V, zimayenda inde koma kulemera kwake, komanso mukamawatsitsa kupyola theka amafa msanga. Ya lithium ndiyo yabwino, mkati mwake muli timabatire ta 18650, kalikonse 3.6V kapena 3.7V ndipo kakadzadza 4.2V, magulu 10 otsatizana ndiwo amapanga 36V, magulu 13 amapanga 48V. Mukaona kolembedwa 9,900mAh dziwani kuti ndi bodza, tenitenito timathera cha m'ma 3,500mAh.

Anyamata okonda kusula amatola timabatire ta m'malaputopu akale n'kumanga yawo. Zimatheka koma pamafunika kuleza mtima, kalikonse kayezedwe payekha, kosanyamula moto wofanana ndi tinzake kachotsedwe, kokanda chikopa kapena kadzimbiri katayidwe, chifukwa gulu limodzi lofooka limagwetsa batire yonse. Kuwotcherera ndi kachitsulo kotentha (soldering) kumatenthetsa kabatire mkati, njira yake ndi kamakina kothwanima pa timalata ta nikelo. Ndipo chonde, batire yopanda BMS musaikwere, kabolodi kameneka ndi komwe kamadula moto gulu lina likadzadza mopyola kapena likatsika kwambiri. Fyuzi nayo ikhalepo pafupi ndi batire pa waya wofiira.

Kutchaja. Batire ya 36V tchaja yake imalembedwa 42V, ya 48V imalembedwa 54.6V, werengani pa chikwangwani chake nthawi zonse, pulagi kungolowa sizitanthauza kuti ndi yake, ndiye zobwerekana matchaja ndi anzanu a pa siteji zija ayi. Palinso mtundu wina wa batire wotchedwa LiFePO4 womwe mavoti ake ndi osiyana, nawo uli ndi tchaja yakeyake. Tchaja ya 2A imadzadza 10Ah pa maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Mukangofika kuchokera ku ulendo musalumikize pompo, isiyeni kaye theka la ola izizire. Tchajirani pa simenti kapena pa njerwa, kutali ndi matilesi, matumba a chimanga, palafini ndi denga la udzu, komanso osati pakhomo lomwe mungatulukire zitavuta, ndipo masana muli maso osati usiku mukugona. Magetsi akathima zulani tchaja ku khoma, pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yosakhazikika.

A sola mvetserani apa, panelo musailumikize mwachindunji ku batire ya njinga. Dutsirani pa batire ya m'nyumba ndi inveta kenako tchaja yake ija, imakoka pafupifupi 100W. Koma dziwani kuti kudzadza 360Wh kumachotsa ma Ah oposa 30 mu batire ya 12V, ndiye ngati yanu ndi ya 100Ah ya mtovu mwadya gawo lalikulu la moto womwe mumayenera kugwiritsa ntchito, madzulo ana aonera TV ya mdima. Bola kutchaja dzuwa lili paliwombo panelo ikulowetsa, ndipo panelo ya 100W imafuna pafupifupi tsiku lonse la dzuwa kuti ibweze motowo.

Kuzizira kwa kuno mu June ndi July kumafooketsa batire ya njinga, mudzaona makilomita achepa m'mawa, sikuti yawonongeka ayi, kukafunda imabwerera. Usiku izigona m'nyumba osati pa njinga pakhonde, ndipo ngati yagona panja usiku wa chisanu chenicheni idikireni ifunde musanatchaje, lithium kuitchaja pa 0°C kapena kutsika apo imawonongeka osabwereranso. Kutentha kwa October nako ndi mdani, musaisiye pa dzuwa pa msika wa Lizulu tsiku lonse, ichotseni muiyike pa mthunzi.

Musamaiyendetse mpaka izime yokha, ikatsala pang'ono palasani. Masiku omwe ulendo ndi waufupi palibe chifukwa choidzadzitsa, kuzula cha m'ma 80 peresenti kumaitalikitsa moyo, kungoti mwa apo ndi apo muziisiya idzadze n'kukhalako ola lina pa tchaja kuti BMS ifananitse magulu aja. Mukaiyimika kwa nthawi yaitali, mwina nyengo ya dzinja matope achuluka, isiyeni ili ndi moto wa theka, pa malitimita (kachipangizo koyezera mavoti) batire ya 36V iziwerenga 37V kapena 38V, muziiyeza mwezi ndi mwezi. Kutsuka njinga mu mtsinje kapena kuithira ndowa ya madzi batire ili pomwepo iwalani, nsalu yonyowa ikukwana.

Batire ikatupa, ikayamba fungo lachilendo, ikatentha muli chiyimikire, kapena ikagwa mwamphamvu bokosi n'kusweka, itulutseni panja pa dothi kutali ndi nyumba ndipo musaitchajenso. Ikayamba kufuka utsi musainyamule, tulutsani ana ndi aliyense, utsi wake ndi wapoizoni ndipo moto wake umatha kuzima n'kuyakanso pakapita nthawi. Yakufayo musaiponye pa dzala pomwe mumawotcha zinyalala kapena mu chimbudzi, matani mitu ya mawaya ake ndi tepi muisunge mu chitini cha mchenga kunja.