Munthu akamira m'madzi, muuzireni mpweya musanaganize za galimoto

Dzinja likafika kuno ku Mulanje, mitsinje ya Ruo, Lichenya ndi Likhubula imadzaza mwadzidzidzi, ndipo ana okonda kusambira ku Dziwe la Nkhalamba kapena m'madamu a m'maesiteti a tiyi amakhala pangozi. Munthu akavuulidwa, ambiri timathamangira kumufinya pamimba kapena kumuzondotsa kuti madzi atuluke. Chonde abale, tisiye zimenezi. Womira amafa chifukwa chosowa mpweya, ndipo ubongo umayamba kuwonongeka pakangodutsa mphindi 4 mpaka 6. Kabaza sangafike naye kuchipatala cha boma kapena cha mishoni m'nthawi yochepa chotero.

Mugonekeni chagada pamalo olimba, wina athamange kukafuna thandizo. Ikani dzanja limodzi pachipumi, zala ziwiri za dzanja linalo pansi pa chibwano, n'kupendeketsa mutu chakumbuyo kuti lilime lisatseke njira ya mpweya. Yang'anani chifuwa kwa masekondi osaposa 10 kuti muone ngati akupuma. Ngati akungoyasama apa ndi apo ngati nsomba yovuulidwa, musanyengeke, kumeneko si kupuma.

Ngati sakupuma, tsinani mphuno yake, mutseke pakamwa pake ndi milomo yanu kuti mpweya usathawire m'mbali, ndipo muuzire kwa sekondi imodzi, maso ali pachifuwa. Chikakwera, dikirani chitsike, mubwerezenso. Chikapanda kukwera, konzaninso mutu uja. Musauzire mwamphamvu kwambiri, chifukwa mpweya umalowera m'mimba n'kumusanzitsa. Womira amayamba ndi kuuziridwa kasanu. Kenako ikani chikhatho pakati pa chifuwa, chinacho pamwamba, zigongono zili zowongoka, mudinikize ka 30 mozama masentimita 5 mpaka 6, paliwiro la ka 100 mpaka 120 pamphindi. Mukatero muuzireni kawiri, mubwerere kuchifuwa, ka 30 ndi kawiri, osalekeza. Khanda lokha musalipendeketse mutu kwambiri. Pakamwa panu patseke mphuno ndi kamwa lake pamodzi, muuzire kampweya kochepa kokwana m'masaya, ndipo chifuwa mudinikize ndi zala zazikulu za manja onse awiri, manjawo atazungulira chifuwacho, koma osati mozama ngati pa munthu wamkulu.

Ena amafunsa ngati mpweya wotuluka mwa ife uli ndi ntchito. Uli nayo ndithu. Umene timakoka uli ndi okosijeni 21 peresenti, ndipo umene timatulutsa umatsalabe ndi pafupifupi 16, wokwanira kusunga moyo. Ena amaopa HIV, koma kachilomboka sikafala kudzera m'malovu. Ngati mukuopabe kumuuzira, kapena pakamwa pali magazi, dinikizani chifuwa chokhacho kusiyana n'kungoimirira.

Mukatopa, sinthanani pakatha mphindi ziwiri zilizonse. Akayamba kupuma, mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwitse, muvuleni zonyowa, mumufunditse, ndipo apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa mapapo amatha kuvuta patapita maola angapo.